Kamera ya Mvukuto ya ku Lizulu

Lachitatu, 29 Meyi 2024

Lizulu. Kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinapita kukagula mbatatesi, ndabwerako mutu uli kwina.

Kutsidya kwa msewu, mbali ya Mozambiki, kuli a Fanizo, mkulu wogulitsa zakale: mawailesi akufa, mawotchi, nyale. Pamphasa pawo makamera awiri. Akuti anachokera ku Tete, m'nyumba ya Mpwitikizi wina. Otsekeka ngati buku. Ukatsegula, mphuno imasololoka ndi chikopa chakuda chopindikapindika, ngati mvukuto wa osula. Ndinangopezeka ndanjuta. Zaka zonsezi ndikujambula maukwati ku Sharpevale ndi foni, chinthu chotere sindinachionepo.

Akuti chithunzi chimatuluka pompo, m'manja mwako. Osapita ku boma kukatsukitsa.

Lachinayi, 30 Meyi

Abambo sanadyenso. Chitulukireni m'chipatala amangogona pakhonde, maso kumunda. Mpunga wawo wacha, akudula ndi aganyu.

Ndinawafotokozera za makamera aja, kungofuna cholankhula. Anati: "Za m'foni zakozo si zithunzi. Chithunzi munthu amachigwira." Sabata yonseyi sanalankhulepo motalika chonchi.

Alibe chithunzi chili chonse ali ndi amayi. Cha ukwati chinapita ndi madzi osefukira.

Loweruka, 1 Juni

Lizulu kachiwiri. Kusankha.

Kamera ina ya pulasitiki, yoyera bwino, yopepuka, yotchipirapo. Koma mtunda wa pomwe waima munthu womujambulayo umangoyerekeza wekha. Inayo yachitsulo, yolemera, yokalikakalika, pakona ya chikopa anamatapo tepi. Mtima unali pa yoyerayo.

A Fanizo anati ndisuzumire kaye pakawindo ka yachitsuloyo, ndiloze mayi wa kabichi. Pakati pali kabwalo kachikasu. M'menemo mayi uja anali awiri! Mitu iwiri, mipango iwiri. Ndinakankha pang'onopang'ono tizitsulo ta m'mbali monga anandiuzira. Amayi awiri aja anayandikizana, anayandikizana, nakhala mmodzi. Ndinaona mpaka ulusi wosomphoka pampango wake. Pamenepo akuti kamera yadziwa mtunda wa pomwe iye ali. Timagalasi tokha ndi tizitsulo. Munthu wina anaganiza zimenezi amayi anga ali kamwana, ndipo mpaka lero sizinasokonekere.

Anandichenjeza: mapepala ake otulukirapo zithunzi anasiya kupanga. Ali ndi paketi imodzi, yakalekale, mwina yauma. "Musadzabwere kudzandilirira, mwanawe... pepani, mayi."

Ndatenga yachitsulo. Ndalama zinali za foni yatsopano. M'minibasi ndinaifungata ngati khanda, kutsika phiri lonse.

Lamulungu, 2 Juni

Kuyesa pa mtengo wa mango. Pepala loyamba lakuda bii. Lachiwiri lang'ambika pokoka. Ndalira kuseri kwa bafa. Kupusa kwanga.

Ndapukuta timipiringidzo ta m'kati momwe pepala limadutsa, panali zouma ngati phala. Sindiyesanso pa mtengo.

Lachiwiri, 4 Juni

Yatulutsa. Mulungu wanga, yatulutsa.

M'mawa abambo anavala jekete la kutchalitchi, lawakulira tsopano. Amayi anakhala nawo pabenchi, akudandaula kuti chitenje sanasite. Ndinalinganiza maso a abambo pakabwalo kaja, ndinadina. Kukoka pepala. Kuliika m'khwapa kuti lifunde, a Fanizo anatero kukazizira. Kudikira, aganyu atasiya zikwakwa n'kutizungulira.

Nditamatula pepalalo pawiri: iwowo. Mtundu wapita kofiirira, m'mbali mwadyeka, koma iwowo. Makwinya onse. Dzanja la amayi lili pabondo la abambo, ine pojambula sindinalione.

Amayi anagwira pakamwa. Abambo anachilandira chikadali chonyowa, anachinunkhiza, anachiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

Masana abambo apempha phala. Amaliza.

Lachisanu, 7 Juni

Abambo afuna kusuzumira okha pakawindo. Ndinawagwirira kamerayo pansi pake, ndi yolemera. Amayi anali kupeta mpunga pabwalo osadziwa kanthu. Ndinawamva abambo akuseka chapansipansi: "Esnath wanga alipo awiri." Anakankha tizitsulo ndi zala zoonda zija, mosapupuluma, nadina osandifunsa.

Chawo chaposa changa. Mpunga uli m'mwamba, lichero lapendekeka, amayi atseka diso limodzi chifukwa cha mungu. Sindidziwa abambo anadikira bwanji mphindi imeneyo. Achiika m'thumba la malaya, sakufuna wina achigwire.

Lachitatu, 19 Juni

Sindinalembe, mpunga unatipanikiza. Wonse uli m'matumba.

Abambo akuyenda ndi ndodo mpaka ku ngalande. Kamera amagona nayo kumutu, ine ndimachita kubwereka. Ajambula abusa, ajambula ng'ombe ya a Evance oyandikana nafe, chithunzi china chinapsa. Pepala latsala limodzi, ndipo lina kulibe kuli konse.

Ndinaganiza kuti tilisunge. Akana. Akuti ndi langa: ndajambula mudzi wonse, ine mwiniwake pakhoma palibe.

Akundiitana panja, aika kale mpando. Akuti dzuwa likukwera, ndifulumire. Tsitsi sindinapese. Diresi ya buluu kapena... Akuitananso, ndisiyire pano.