Masamu a Fomu 3 Ali Kumunda

Lachinayi, mpunga ukucha. Tsiku laphokoso.

Mbalame zimatha mpunga, ndiye dzulo ndinang'amba kope la masamu a Fomu 3 la mdzukulu wanga Esinati, n'kupachika mapepalawo pazingwe kumunda. Mwini wake ali Fomu 4, zakalezo n'zantchito yanji?

Lero Esinati kulira. "Agogo, mayeso athu amafunsanso za Fomu 3! Mathirayango onse anali mmenemo!"

Sukulu yanji yosamaliza zinthu? Fomu 1 ankasaka x. Fomu 2 x yemweyo. Mpaka lero sanam'peze, aphunzitsi ndi matayi awo! Ife ku pulayimale tinkaphatikiza, kuchotsera, basi nkhani yatha.

Komatu mbalame zikuwaopa masamuwo, sizinatere n'komwe. Ndamuuza Esinati azikawerengera kumunda konko. Sanaseke.

Mayeso ayandikira, ndipo mwera wayamba kuwomba. Zingwe zija ndinamanga mwaulesi...