Makina Atukwana Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Area 3 tilipo, kungoti manja a abambo akunjenjemerabe.

Laputopu munatumiza ija yandinyansa. Loweruka abambo anafuna kulemba mbiri ya malemu amayi yoti ikawerengedwe pa mwambo wa chiliza. Poti cholembera sangathenso kugwira, ndinawatsegulira pulogalamu yolemba zimene munthu akulankhula ija. Chichewa inakaniratu kumva, ndiye anayesa Chingerezi chawo cha kuuphunzitsi chija. Atatchula dzina la amayi loti Nachisale, makinawo analemba kuti "Nasty Sally". Anabwereza mofatsa, koma makinawo analembanso zonyansa zomwezo.

Abambo anasendeza nkhope pafupi n'kuwerenga. Kenako anandifunsa kuti, "Chinthuchi chikutukwana mkazi wanga ali m'manda?" Ine ndinayamba kufufuta mawuwo. Iwo anangoti, "Zimitsa, mwanawe."

Tsiku limenelo sanadye. Dzulo ndinakhala nawo pakhonde ndi cholembera, iwo akunena, ine ndikulemba, tonse tikupukuta misozi.

Chonde muwaimbire foni, koma za makinawo musatchule n'komwe. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tamanda