Phwiti Ndakamupeza ku Laibulale

Lamulungu, 19 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, ndipo miyendo ija yasiya kutupa ndi ntchito yoimirira m'chipatalamo. Kuno tonse tili bwino, kupatula mawondo angawa amene akundidandaula chidzukireni. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani: mukanandidula pakamwa ndisanamalize n'komwe moni. Choncho vulani nsapato, khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa kubwere pambuyo.

Ntchito munandituma ija ndaigwira dzulo. Munati mwana wanu Phwiti mukamuimbira Loweruka amati ali ku laibulale, koma inu mumamva phokoso kumbuyo. Munati ndipite kukoleji kwake ndikaone laibulale yake ndi iti, ndipo ndikampeza kolakwika ndimuuze alongedze, achoke kuhositelo, azikakhala kwa amalume ake. Ndinavomera mwaulemu, koma nditangodula foni ndinaseka mpaka misozi. M'banja mwathu monse ndife awiri tokha amene tikudziwa kuti tauni ija ili ndi malaibulale awiri: ya mabuku, ndi bala ya aNdevu imene ophunzira anaipatsa dzinalo kuti makolo akafunsa asamaname. Mayi wina aliyense akanangonyadira kuti mwana amakonda kuwerenga. Inu munadzidzimuka chifukwa njira yake mumaidziwa ndi mapazi anu.

Ndinakwera basi m'mawa, ndipo ulendo wonse ndinkakonza mawu okamukalipira. Koma nditangotsika pageti la koleji n'kuona msewu uja, Achemwali, ndinangoona ngati ndabwerera ku utsikana. Zaka pafupifupi makumi awiri ndisanapondepo! Ndinayenda pang'onopang'ono, kuyang'ana khomo ndi khomo ngati munthu wotaya ndolo.

Galaja, malo athu ovinira aja, kulibenso, pano amagulitsamo mafoni. Ndinalowa dala, n'kumanamizira kufunsa mtengo wa chaja, maso ali pansi. Anaikamo matailosi oyera mbee, koma ine ndinkaonabe simenti ya mafuta a galimoto ija, imene inakudetserani siketi yanu yoyera mutaterereka pakati pa nyimbo, inu n'kudzuka ngati kugwako kunali sitepe yovinira, anthu n'kuyamba kukutsanzirani. Padenga napo pano ndi saluni. Mukukumbukira tsiku mvula inatipeza pamwamba paja, woika nyimbo n'kufunditsa makina ake jekete, iye akunyowa, ife osatsika ngakhale mmodzi? Tinabwerera kuhositelo nsapato zili m'manja, tikuimba, mlonda n'kutifunsa ngati tagwera mumtsinje. Chinali chaka chimodzi chokha chimene tinakhalira limodzi pakoleji, inu chachitatu ine choyamba, koma zokumbukira zake zikuposa zaka zina khumi.

Koma Laibulale ilipo! Chitseko chobiriwira chija anachipaka buluu, basi. Shelefu ya mabuku oiwalidwa ndi ophunzira idakali kuseri kwa kauntala, yangofika kudenga tsopano. Tebulo la pulu likadapendekekabe, mipira yonse imathamangira kubowo la kuzenera, ndipo ana a masiku ano nawonso amakanganirana kuima mbali yomweyo.

Ndinalowa cha m'ma 5 koloko, nditavala ngati ndikupita kumsonkhano wa makolo, chikwama nditachikumbatira, nkhope nditaimanga. Ndinakhala pakona n'kuitanitsa chakumwa chozizira. Anandibweretsera ndi aNdevu eniake. Ndevu zija zayera zonse, amavala magalasi, koma mimba ndi yomwe ija. Anaika botolo patebulo, nandiyang'ana, natsitsa magalasi, nandiyang'ananso.

"Mchira!" anakuwa choncho, anthu onse n'kutembenuka. "Ndiwe Mchira iwe! Mutu wako wausiya kuti?"

Ine, mayi wa ana atatu, amene kuntchito amandiimirira ndikalowa, kundiitana Mchira pagulu! Koma ndinangopezeka ndawakumbatira. Zoona ndinali mchira wanu, kulikonse mwalowera ine pambuyo. Ndinawauza kuti muli kutali, mumagwira ntchito ya unamwino, ndipo tisanapitirize nkhani magetsi a pasiteji anayaka.

Kunakwera achinyamata anayi. Atatu sindinawalabadire. Wachinayi anali kamtsikana kovala malaya aakulu ngati a bambo, katanyamula gitala ya besi yotalika pafupifupi ngati iko komwe. Achemwali, anali Phwiti wathu. Phwiti yemwe uja amene alendo akabwera ankabisala kuseri kwa katani.

Ndilibe mawu okwanira. Atangogunda chingwe choyamba, botolo langa linanjenjemera patebulo, mawu ake n'kundilowa m'mimba. Sayang'ana anthu, amatsinzina, mutu n'kumapita uku ndi uku, zala zikuyenda ngati zili ndi maso awoawo. Woimba ng'oma amayang'ana kwa iye kuti adziwe poyambira ndi polekera. Bala yonse inaimirira. Ndipo phewa lake lamanzere limagwedezeka patsogolo nyimbo ikafika pokoma, ndendende ngati lanu. Mawu onse ndinakonza m'basi aja anasungunuka.

Anandiona pa nyimbo yachitatu. Chala chinaphonya kamodzi, nkhope inagwa, koma sanasiye. Atapuma anabwera molunjika kwa ine.

"Amayi aang'ono, akutumani amayi?"

"Eya."

"Sindimwa mowa ine. Afunseni aNdevu. Ndimangoimba, ndikamaliza ndimapita."

ANdevu anali ataima pomwepo ndi nsalu yopukutira paphewa. Anafunsa ngati mwanayo ndi wanga, ndipo ndinati ndi wa achemwali anga. Anamuyang'anitsitsa Phwiti. Kenaka anathamangira kukhomo la kukhitchini, mimba ikudumpha, akuitana akazi awo: "Mayi, siyani mbalezo mudzaone! Wa besi uja ndi mwana wa Kamvulumvulu!" Zaka ziwiri mwanayu akuimba m'nyumba mwawo, iwo osadziwa.

Apa ndiye poyambira milandu yanga. Sindinathe kuwaletsa, ndipo kunena zoona sindinayese. Anamukhazika Phwiti pampando n'kumufotokozera za tsiku tinamaliza mayeso a teremu yoyamba, magetsi atazima bala itadzaza, anthu atayamba kutuluka mokhumudwa. Anamuuza mmene munakwerera patebulo, n'kuyambitsa nyimbo ndi pakamwa, kuwomba m'manja, mpaka amene anatuluka aja anabwerera, ena akumenya mabotolo ndi makiyi, ena mipando, ola lathunthu popanda magetsi. Anamuuza kuti mwendo wa tebulo unathyoka, anyamata n'kukuwakhani m'mwamba inu nyimbo osaidula. Kenaka anamukokera pafupi ndi chipilala n'kumuonetsa tebulolo. Lilipo, Achemwali! Miyendo itatu yakuda, umodzi woyera.

Phwiti anagwira mwendo woyerawo, n'kundiyang'ana. "Amayi anga? Omwe aja amatsitsa wailesi ikalowa nyimbo yovina?"

Tinaseka tonse, iye n'kuseka mpaka kukhala pansi. Koma kuseka kutatha ndinaona kuti nkhope yasintha. Anandipempha tituluke, ndipo tinakakhala kuseri, pamakireti opanda kanthu, pamene dzuwa linali litangolowa.

"Amayi aang'ono, musandinamize. Bambo anga anakumana nawo muno?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndinaganiza za inu, ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi yanu osati yanga. Koma mwana wa zaka makumi awiri ndi chimodzi anali akundiyang'ana m'maso, ndipo ndinati eya. Ndinamuuza kuti iwo anali chaka chomaliza, anamaliza, anatenga pepala lawo n'kupita osacheuka, ndipo inu munalongedza chaka chachitatu chisanathe, muli woyembekezera. Ndinamuuza kuti ndinakunyamulirani sutikesi mpaka pabasi, inu osalira, ine ndikulira ngati wochotsedwa sukuluyo ndine. Ndinamuuzanso kuti munayambiranso pansi, kuphunzira unamwino iye ali kumsana, ndipo sindinakumveni ngakhale tsiku limodzi mukunena kuti mwanayu anakuwonongerani moyo. Zimenezo ndinazibwereza kawiri kuti zilowe.

Analira mwakachetechete, akupukuta misozi ndi mkono wa malaya aja. Kenaka anati, "Ine ndimayesa amangodana ndi chisangalalo. Kani akamva phokoso pafoni amaona basi ija."

Anatulutsa foni n'kundionetsa zotsatira za mayeso ake. Achemwali, mwana wanu ndi wachiwiri m'kalasi la anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata amene amadzitcha mainjiniya kale. Laibulale ya mabuku amapitako Lolemba mpaka Lachisanu, ndi Loweruka m'mawa. Gitala anaphunzira kwa mnzake wa m'chipinda chaka choyamba. Anati kukubisirani kumamuwawa, koma ankaopa kuti mukadziwa mumulanda chinthu chokhacho chimene chimamupumitsa mutu.

Anzake a bandi anamuitana kuti akapitirize. Ine ndinabwerera pakona panga nditatsimikiza kukhala mwaulemu ngati kholo. Koma akazi a aNdevu anabwera, anandilanda chikwama n'kuchiponya kuseri kwa kauntala, nandikoka dzanja. Ndinati nyimbo imodzi yokha. Achemwali, ndinavina zisanu ndi ziwiri! Ana aja anapanga bwalo, ine pakati, akukuwa kuti "Anti! Anti!" Ndinawaonetsa sitepe yanu yoterereka ya ku Galaja ija, ndipo pofika nyimbo yotsatira bala yonse inali ikugwa dala n'kudzuka. Phwiti anatsegula maso kwa nthawi yoyamba, anandiona, n'kuseka mpaka kutsala pang'ono kugwetsa gitala. Mawondo aja nkhani yake ndi imeneyi. Bambo a ana ndawauza kuti ndi mipando ya m'basi.

Bandi inamaliza 10 koloko. Ndinamuperekeza mpaka pageti la hositelo pamodzi ndi anzake atsikana atatu amene amamudikira sabata iliyonse, gitala ili kumsana ngati mwana. Ine ndinakagona kunyumba ya alendo, ndipo ndabwerera lero masana.

Sindikukuuzani kuti Laibulale yasanduka tchalitchi. Ndinaona wina ataledzera mpaka kugona pakhomo, ndinaonanso mlonda akutulutsa bambo amene ankavutitsa atsikana. Zimene mumaopa zilipo ndithu, ndipo muli ndi chifukwa choziopera kuposa wina aliyense. Koma uthenga wolongedza uja sindinaupereke, ndipo sindiupereka. Mukafuna, mumuuze nokha. Ine ndaona mwana amene akudziwa chimene anapitira kukoleji, ndipo kumutsekera kwa amalume ake, kumene ngakhale kuyetsemula amapempha chilolezo, ndi kumulanga pa mlandu umene sanapalamule.

Pali chinanso chimene ndakhala nacho zaka zonsezi. Inu mutachoka, ine sindinasiye kupita ku Laibulale. Ndinkapita mpaka ndinamaliza koleji, ndikamabwera kutchuthi n'kumakuuzani kuti ndinasiya. Ndinkachita manyazi kusangalala pamalo amene inu munachokapo ndi misozi, ndiye tonse awiri tinangotseka pakamwa, ngati chaka chija sichinakhaleko. Koma dzulo ndazindikira kuti ndakhala ndikukusowani, Achemwali. Osati inu amene mumatitumizira mankhwala ndi malangizo, amenewo ndimawathokoza tsiku lililonse. Ndikunena mkulu wanga amene ankandibwereka ndolo, kundikoka dzanja n'kumati, "Tiye, mabuku sathawa." Ameneyo sanalakwe chilichonse povina. Wolakwa anali wina, ndipo sanali patebulo paja.

Mukandikwiyira chifukwa choulula zanu, ndilandira. Ingokwiyirani ine, mwana mumusiye.

Bambo a ana akupereka moni, ana onse atatu akuti azakhali awo a kuchipatala abwere ndi chokoleti, ngakhale ndawauza kambirimbiri kuti ndinu amayi awo aakulu. ANdevu ndi akazi awo akuti moni wambiri, ndipo akuti tsiku Phwiti adzamalize maphunziro mudzabwere, chitseko adzatsegulira inu poyamba.

Moni womaliza ndi wa Phwiti. Ndamuuza kuti ndikulemberani zonse, ndipo akuti foni yake sazimitsa, azidikira. Ali ndi mantha, musachedwe. Pondiperekeza kubasi m'mawa uno anandifunsa kuti nyimbo munaimba patebulo ija inali iti, akufuna aiphunzire pagitala. Ndikuikumbuka bwinobwino, ndaing'ung'udza njira yonse mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anasamuka. Koma ndamuuza kuti kwa ine saimva, mwini wake alipo. Ndiye akakufunsani, chonde musanene kuti munaiwala. Muimbireni, ngakhale ndime imodzi yokha, ngakhale mawu atanjenjemera.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Mchira