Makobiri a pa Denga la Amayi

Vubwi, 19 Novembala 2023

Okondedwa alongo anga a Clementina,

Kuno tili bwino, ngakhale kuti denga la amayi linatsala pang'ono kugulitsidwa iwo ali m'kati.

Mukukumbuka kuti malemu atate posowa mawashala a misomali anakhomera malata ndi makobiri aja oboola pakati, a njovu ziwiri? Mng'ono wathu Duncan anakumana ndi munthu wa jekete pamsika, amene anamuuza kuti azungu akuwafuna ndipo limodzi lokha ligula njinga yamoto. Ndinamupeza atazula kale lata la kuchipinda kwa amayi, mitambo itada cha ku Mozambique. Amayi anali pakhonde atagwira tsaya.

Ndinamupempha kuti tiyambe taonetsa kobiri limodzi kwa a Tahira, mayi amene ali ndi sitolo ya nsalu ku Katete. Atate awo ankasonkhanitsa ndalama zakale, ndipo anawasiyira luso ndi kagalasi kokuzira zinthu.

Alongo, mukanaona! Sanalitole ngati mmene titolera chenji. Analigwira m'mphepete, kuliika pa kansalu, kuyandikiza maginito, kenaka kuligwetsa pathebulo n'kumvetsera kulira kwake.

"Ndi lenileni," anatero.

Duncan anayamba kale kusankha mtundu wa njingayo.

"Koma enieni oterewa ali mbwee, achimwene. Osonkhanitsa amafuna losakhudzidwa. Apa panamenya hamala, apa panadya msomali. Nanga njovu iyi chitamba chinapita kuti?"

"Ndinakwecha ndi phulusa ndi ndimu kuti liwale," anayankha Duncan.

"Mwakwecha bwino. Likanakhala poto ndikanagula."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Kenaka anafunsa ngati wa jekete uja anatchula zolipira kaye kuti akawapime ku Lusaka. Duncan anayang'ana nsapato zake.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanamusiye ndi manyazi. Anamuonetsa dzimbiri la msomali, n'kumuonetsanso kobiri lopanda dzimbiri ngakhale pang'ono. "Atate anu ankadziwa chitsulo," anatero. "Mawashala a masiku ano akanadyeka kalekale. Pamsika kobirili siligula ngakhale fanta, koma padenga lilibe mnzake. Kalibwezereni."

Ndinafuna kuwalipira, anakana. Ndinagula chitenje chimene sindikudziwa kuti ndipatsa ndani. Lachisanu ndinapitanso kukafunsa za kobiri lina, ngakhale ndinkadziwa kale yankho lake. Musafunse zambiri.

Duncan anakhoma lata lija yekha, kobiri lililonse pamalo pake.

Moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti ndikuuzeni kuti mvula yoyamba inagwa dzulo masana, yamphamvu, ndipo anakhala pabedi n'kumaimvetsera. Sipanadonthe paliponse. Akuti atate anu akadatifunditsabe.

Ndine mlongo wanu,
Yotam