Tsamba Limene Namwino Anandibwezera

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga bondo lija likuvutabe? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo uli kwanuko.

Patha miyezi itatu chiyambire ntchito yatsopanoyi. Ndi yomwe ija yolemba timabuku ta malangizo, koma kuno si za mapampu a madzi ayi. Kampaniyi imapanga makina othandiza odwala kupuma ali kunyumba. Kuja ndinkadziwa kachitsulo kalikonse ndi dzina lake, mpaka amakaniko ankafunsa ine. Kuno ndabwerera kalasi yoyamba, ndi imvi zangazi. Pamsonkhano ndimangogwedeza mutu ngati gulo, tikabalalika ndiye ndimakafufuza pandekha zimene amanenazo.

Anandipatsa tebulo pakona, ndipo zenera lake layang'ana khoma la nyumba ina. Masana ndimadyera pomwepo ndekhandekha. Anzanga si oipa, kungoti aliyense maso ali pakompyuta. Ndimasowa phokoso la pakhonde pathu, ngakhale kulongolola kwa azakhali komwe.

Sabata yatha ndinalemba tsamba la zoyenera kuchita makinawo akayamba kulira. Injiniya wathu anawerenga n'kunena kuti palibe cholakwika. Koma pali namwino wina wachikulire amene amaona zolemba zathu zisanasindikizidwe. Iyeyo anandibwezera tsambalo. Anati ndalembera munthu amene wakhala pampando mtima uli m'malo, chonsecho wodzawerengayo adzakhala ali chiimire, m'bale wake akubanika pabedi. Kenako anandifunsa mofatsa ngati ndinadwazikapo matenda otere.

 Amayi, ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa masitepe. Nthawi imene bambo ankabanika ine ndinali kutali. Ndinkangoimba foni, inu n'kumati zikusintha, ndipo ndinkakhulupirira chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Munawadwazika nokha miyezi isanu ndi iwiri, ine ndinangofikira pamaliro. Mpaka lero sindinakufunsenipo mmene zinalili.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Mundiuze za masiku amenewo. Mundiuze zimene adokotala ankanena inu osamva, zimene munkayamba kuchita bambo akabanika, ndi chimene munkalakalaka wina atakuuzani. Maso akakuvutani, alamu alembe, koma muwauze kuti asakonze mawu anu, alembe mmene mwayankhulira.

Ndikudziwa kuti ndikutokosa chilonda. Mukaona kuti n'zolemera, zisiyeni, sindidandaula. Tsambalo akulifuna kumapeto kwa mwezi uno, koma kunena zoona si tsambalo lokha limene likundifunsitsa. Ndikufuna kudziwa ngati bambo ankaopa. Ndikufuna kudziwa ngati ankandifunsa.

Tchuthi akuti sindingatenge mpaka nditatha miyezi isanu ndi umodzi. Ikangokwana, sindidikira ndi tsiku limodzi lomwe. Ndidzafika ndidzakhale nanu pansi, osati moyang'ana wotchi ngati ulendo watha uja.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anu onse. Achemwali muwauze kuti foni yanga sinasinthe nambala. Mukapita kumanda kumene anagona bambo, mukawauze kuti mwana wawo wayamba kufunsa, ngakhale mochedwa.

Tsalani bwino, Amayi.

Ine mwana wanu,
Chitsirizira