Botolo Limene Denzil Anatsegula

Sea Point, Cape Town
18 Sepitembala 2023

Okondedwa achimwene Hillel,

Ndikhulupirira kuti Chaka Chatsopano chathu cha Chiyuda mwachilandira bwino ku Melbourne kumeneko. Khalani pansi kaye: bambo anabwera kwathu kudzadya. Chikwatiwire ine ndi Denzil, zaka zisanu ndi chimodzi, anali asanapondepo pakhomo panga chifukwa choti mwamuna wanga si Myuda.

Ndiulule, nsomba yopera ya malemu amayi ija sindinaphike, imandikanika. Ndinaphika ya kwawo kwa Denzil, ya anyezi ndi tsabola, yoviika m'viniga. Mapoto ndi mbale ndinagula zatsopano kuti bambo asapeze podandaulira. Denzil naye anazungulira minda ya mpesa ya ku Paarl konse mpaka anapeza vinyo woyera wa kosha, wololedwa pa malamulo a Chiyuda, wowawasa pang'ono, akuti ndi amene angagwirizane ndi tsabolayo. Koma ine ndi phuma langa ndinaiwala kumuuza kuti vinyo wosawiritsa akatsegulidwa ndi munthu wosakhala Myuda, bambo sangamwe.

Tikukhala patebulo, botolo lili chotsegula.

“Watsegula ndani?” anafunsa bambo.

Achimwene, bodza linali litafika kale pamlomo panga. Denzil anandipitirira.

“Ndine, bambo. Ndimati apitidweko mphepo.”

Ndinayang'ana chipewa cha bambo pachitseko, ndimvekere basi apita. M'malo mwake anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo ka vinyo wawo wotsekemera uja, amene inu mumati ndi mankhwala a chifuwa.

“Ndinadziwa kuti nyumba ino chinachake chilakwika,” anatero. Anadalitsa, n'kuthirira Denzil poyamba. Mwamuna wanga, katswiri wa vinyo, anagugudiza osakwinya nkhope. Ndinamukonda kuposa tsiku la ukwati.

Nsomba anawonjezera kawiri, uku akuidandaula kuti ikuwotcha. Maapozi oviika mu uchi ndi amene anawapulumutsa. Kenako analoza botolo lija.

“Fungo lake lokha likundizunza. Mkamwini, ukagule lina la pa Sukoti. Koma manja akowo uwaike m'thumba, ndidzatsegula ndekha.”

Mkamwini! Ndinathawira kukhitchini kukalira.

Sukoti, chikondwerero chathu cha zisakasa chija, yatsala masabata osakwana awiri, ndipo Denzil wayamba kale kumanga chisakasa pakhonde. Botolo latsopano lili pamwamba pa kabati, amalilambalala ngati moto. Mukaimba foni kwa bambo musafunse zambiri, mukuwadziwa, angasinthe maganizo.

Moni kwa alamu anga Shira ndi ana. Moni winanso ndi wochokera kwa bambo ndi Denzil. Mundikhululukire, ndimangofuna kuona mayina awiriwa pamzere umodzi.

Ndine mlongo wanu,
Dalia