Mtedza Uli M'masaya

Agogo Merv, 2:04 pm
anyamuka bwino akazi ako ndi mdzukulu wanga. pofika 4 akhala ali ku winnipeg. kambewa kaja apita nako, nyumba yangoti zii

Wendell, 2:06 pm
zkm adadi pokasunga sabata yonse. koma si mbewa, ndi hamster kkkk Josie akakumvani muli pa mlandu

Agogo Merv, 2:07 pm
Ziggy, dzina ndikulidziwa. tinagwirizana ine ndi ameneyu. mtedza amaukonda kuposa agologolo anga a panja aja

Wendell, 2:07 pm
mtedza??

Wendell, 2:07 pm
adadi mtedza uti

Agogo Merv, 2:10 pm
wa agologolo wa mu garage uja. usayambe, za allergy ya Josie ndikuzidziwa. ndakapatsa m'mawa iwo asanafike, makoko ndataya kunja, tebulo ndapukuta, m'manja ndasamba. kamaliza wonse ine ndikuona

Wendell, 2:10 pm
hamster SIDYA pompo adadi. imalonga m'masaya nkukalavula pena

Wendell, 2:11 pm
masaya ake anali bwanji

Agogo Merv, 2:12 pm
otupa uku ndi uku. ndimaseka ine, ndimati kakhuta

☎ Wendell waimbira Noreen, sanayankhe, 2:12 pm

☎ Wendell waimbira Noreen, sanayankhe, 2:13 pm

Wendell, 2:14 pm
Noreen imitsa galimoto. Josie ASAGWIRE Ziggy. ali ndi mtedza mkamwa

Wendell, 2:14 pm
babe pls yang'ana foni

Wendell, 2:15 pm
adadi mwakapatsa lero lokha?

Agogo Merv, 2:17 pm
tsiku lililonse. uwiri utatu basi

Wendell, 2:17 pm
ndiye mu utuchi wa mu cage muja mwadzaza. cage ili kuti, m'buti?

Agogo Merv, 2:18 pm
Josie waifungata pamiyendo. anakana kuti iikidwe kumbuyo, akuti kuli mdima Ziggy aopa

Wendell, 2:18 pm
Mulungu wanga

Agogo Merv, 2:19 pm
koma cage ndi yotseka mwanawe

Wendell, ▶ vn 0:31, 2:20 pm
Adadi, mukumudziwa Josie inu kapena mumangomuona? Sangapirire mphindi khumi osakatulutsa. Amakapsompsona pamphuno penipeni! Ndiye dzino lija likugwedera, zala sizichoka mkamwa tsiku lonse. Ku birthday kuja ananyambita chala chokha, chala chimodzi, tinagona m'chipatala masiku awiri. Inu munalipo. Munalipo adadi!

☎ Agogo Merv aimbira Noreen, sanayankhe, 2:21 pm

Agogo Merv, 2:22 pm
amake Josie, ndine apongozi anu. chonde imani pambali. ndalakwitsa ine

Wendell, 2:23 pm
sangaone. akamayendetsa foni amaiponya mchikwama pa silent. ndine ndinamuphunzitsa zimenezo, ine chitsiru

Wendell, 2:24 pm
jakisoni wake ali naye pafupi? kachikwama ka pinki

Wendell, 2:26 pm
adadi

Wendell, 2:27 pm
ndikuona mwawerenga. yankhani

Agogo Merv, 2:28 pm
kali m'buti. katundu ndinalongedza ndine. pamwamba ndaika matumba a mbatatesi za m'dimba

Wendell, 2:28 pm
zaka 8 tikukuuzani. 8

Wendell, 2:33 pm
ndaimba 911, ndawapatsa number plate. akuti auza apolisi a pa highway 1 koma honda zotuwa ndi zosawerengeka mumsewu umenewu

Wendell, 2:34 pm
ndikunyamuka ndikakumane nawo. ndizingotumiza ma vn

Agogo Merv, 2:35 pm
inenso ndikulondola kumbuyo

Wendell, ▶ vn 0:09, 2:36 pm
Khalani pansi adadi. Ndi maso anuwo pa highway? Ndisadandaule anthu atatu lero, chonde.

Wendell, ▶ vn 0:22, 2:41 pm
Noreen, ukangomva izi usafunse kanthu. Ima, ulande hamster, umupukute Josie m'manja ndi kukamwa, utulutse jakisoni m'buti. Zokalipa tikalipa madzulo. Ingoima, mkazi wanga, ndakugwira mwendo.

Noreen, 2:49 pm
taima pa filling station ku macgregor, mayi wamkuluyu Josie akufuna toilet. ma missed call onsewa?? kwagwanji

Noreen, 2:49 pm
dikira ndiwerenge

Noreen, 2:50 pm
ayi ayi ayi

Noreen, 2:50 pm
anakatulutsa kalekale. kali mu hoodie mwake

Noreen, 2:51 pm
akuti kamulavulira timiyala pamwendo, amatitola nkumakabwezera

Noreen, 2:51 pm
akukanda pakhosi Wendell. milomo yatupa

Wendell, ▶ vn 0:06, 2:51 pm
Baya! Usadikire akhosomole, baya pantchafu pompano!

Noreen, 2:52 pm
chikwama SINDIKUCHIONA

Agogo Merv, 2:52 pm
kumanzere kuseri kwa tayala. gwetsani mbatatesizo pansi

Agogo Merv, 2:53 pm
kumanzere amake Josie

Agogo Merv, 2:55 pm
mwachipeza?

☎ Wendell waimbira Noreen, sanayankhe, 2:56 pm

Wendell, ▶ vn 0:11, 2:58 pm
Ndawauza a 911 kuti muli ku MacGregor, ambulansi ikubwera. Mugoneke chagada, miyendo m'mwamba. Ndiuze kuti akupuma, mawu amodzi okha.

☎ Wendell waimbira Noreen, sanayankhe, 3:02 pm

☎ Wendell waimbira Noreen, sanayankhe, 3:05 pm

Agogo Merv, ▶ vn 0:27, 3:07 pm
Amake Josie... sindikudziwa ngati mumva. Ine ndinaonetsetsa ndithu, ndinagwada nkuyang'ana mu cage monse, munalibe olo kachidutswa. Sindimadziwa kuti kamabisa. Kamandilandira ndi timanja take, ine nkumasangalala ngati mwana. Ambuye atenge ine nkhalamba, amusiye mwanayo.

Wendell, ▶ vn 0:08, 3:08 pm
Musalankhule za kutenga, adadi. Palibe akutengedwa. Khalani chete kaye!

Wendell, 3:14 pm
ndaima pambali pa msewu. Noreen pls

Wendell, 3:15 pm
olo kadontho. ingotumiza kadontho

Noreen, ▶ vn 0:34, 3:21 pm
Tili mu ambulansi, tikupita ku chipatala cha ku Portage. Ndabaya woyamba, anapezako bwino pang'ono kenako chifuwa chinayambanso kulira, ndabaya wachiwiri. Amuika mpweya. Sakulankhula koma akundifinya dzanja. Usapitirire ku MacGregor, khotera ku Portage. Galimoto ndaisiya chitsekulire, mbatatesi zili mbwee pa station ponse, sindikusamala.

Wendell, 3:21 pm
ndikubwera. muuze adadi ake ali panjira

Agogo Merv, 3:23 pm
zikomo Ambuye. amake Josie pepani. pepani kwambiri

Agogo Merv, 3:40 pm
ali bwanji

Agogo Merv, 3:58 pm
Wendell wafika?

Wendell, 4:12 pm
ndafika. akumuthira mankhwala pa drip. dokotala akuti zitha kubwereranso, tigona konkuno

Agogo Merv, 4:13 pm
ndingalankhule ndi amake?

Noreen, 4:20 pm
ndilembe pano cz ndikaimba ndinena zoti sizibwezeka. m'nyumba mwanga simulowa olo chokoleti ndisanawerenge pepala lake. mwana wanga amadya yekha pa tebulo lake ku sukulu. inu munaona kuti kambewa kasowa zokoma

Noreen, 4:21 pm
ndamuona akusanduka wotuwa pa simenti adadi. pakati pa mbatatesi zanu

Agogo Merv, 4:24 pm
ndi zoona amake Josie. wolakwa ndine

Wendell, 5:02 pm
wachotsedwa mpweya. akupuma yekha

Wendell, 5:03 pm
mawu oyamba: Ziggy ali kuti. anatsala pa station, sitikudziwa ngati alipo. akulira ndiye nesi akuti asalire

Agogo Merv, 5:09 pm
Ziggy ali ndi ine

Wendell, 5:09 pm
muli naye bwanji?? muli kuti

Agogo Merv, 5:13 pm
ndinakana kukhala. mayi wa pa station anamutola pansi pa mpando. utuchi wonse ndataya mu bin, munali mtedza wodzaza dzanja. galimoto yanu ndakhoma, makiyi ndili nawo

Wendell, 5:14 pm
mwayendetsa kuchoka ku brandon ndi masowo

Agogo Merv, 5:15 pm
pang'onopang'ono. amandiimbira ma hutala njira yonse

Agogo Merv, 5:16 pm
ndili panja pa chipatala. ndinafika mpaka pakhomo, ndapisa m'thumba la jekete ndapeza makoko. matumba onse awiri. ndabwerera

Agogo Merv, 5:17 pm
sindilowa. mungomuuza kuti kambewa kake kali moyo, kakugona. Ziggy ndimusunga ine mpaka amake anene

Agogo Merv, 5:31 pm
ndikhala m'galimoto muno. musandiganizire

Agogo Merv, 5:52 pm
akadali bwino?

Wendell, 5:53 pm
eya. wagona pang'ono, wadzuka. wamva kuti muli panja

Wendell, 5:54 pm
zoti mulowe si ine wonena adadi. onena ndi amake

Noreen, 6:19 pm
jeketeyo muisiye m'galimoto. juzinso. musambe mpaka m'zigongono, ndi ndevu zomwe

Noreen, 6:19 pm
simumupsompsona, simumugwira. muima kumiyendo kwa bedi

Noreen, 6:20 pm
room 4. fulumirani, akukana kugona asanakuoneni